Kagalu ka Dona Kumsana Kwanga

Tabwerani kuno ana inu, mukhale pansi. Majumbo anuwo aikeni apo, sathawa. Chitsikireni kombi ija ndakhala ndikukuonani mukulimbirana kutulutsa katundu ngati kukubwera mkwatibwi. Mbale ziwiri, kalamba ka m'khosi, fupa lapulasitiki lolira munthu akaliponda, ndiye pepala la malangizo mwalimata kale pachitseko cha khitchini. Zonsezi n'za kagalu koti simunakaone n'komwe, kakubwera Loweruka. Iwe Thoko, ndakumva ukunong'oneza mlongo wako m'Chindebele chakocho kuti gogo sadziwa za agalu, asatisokoneze. Makutu angawa ndi okalamba koma sanafe. Chindebele ndinachidziwa amako asanabadwe.

Za agalu ndimadziwa, mwina kuposa amene analemba pepala lanulo. Ine mu Bulawayo muno ndinakhazikika chifukwa cha galu. Musaseke. Iwe Limbani tseka pakamwa, ntchentche zingalowe. Ndikuuzani, koma mukafuna kufunsa mufunse m'Chichewa, ngakhale chopindika chanucho.

Ndinabwera kuno nkhondo yaikulu ija itangotha, ndili mtsikana wongokwatiwa kumene. Agogo anu aamuna, a Phiri, anali khukhi wa mzungu wina wa ku njanji. Anabwera kwathu ku Dedza patchuthi, tinakwatirana, iwo n'kubwerera okha. Ndinakhala chaka chathunthu ndikudikira. M'mudzi mwathu munali akazi ambiri otero, amuna awo anapita ku Halale n'kusanduka matchona, osalemba kalata, osatumiza ngakhale kansalu. Ena anakalamba akuyang'ana kumsewu. Ine zimenezo zinkandiopsa kuposa imfa. Alamu anga atabwera kudzaona makolo, ndinawakakamira kuti pobwerera anditenge. Amayi analira koma sanandiletse.

Ulendo wake musaufunse. Inu kombi ikachedwa pang'ono pa Nkulumane pano mumayamba kudandaula. Ife tinayenda pansi masiku angapo, kenako tinakwera lole ya ulere, yonyamula anthu okafuna ntchito, titapanikizana ngati matumba. Pa Tete tinaoloka Zambezi papantoni, ine nditatsinzina, chifukwa madzi ochuluka chotero ndinali ndisanawaonepo. Kamba wathu anali chimanga chokazinga ndi mtedza, kutafuna mpaka nsagwada kuwawa, n'kumwera madzi. Sitima ndinakakwerera ku Halale, ndipo potsika pasiteshoni ya Bulawayo nsalu yanga inali itasintha mtundu ndi fumbi. A Phiri atandiona anasangalala, inde, koma pankhope pawo ndinaonanso mantha.

Mantha ake anali awa. Iwo ankagona kumayadi, m'kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba ya mzungu, kamene kuno amati kaya. Lamulo linali lakuti m'kaya muzigona wantchito wolembedwa yekha, wokhala ndi chitupa. Mkazi wopanda chitupa akapezeka, apolisi ankamutenga n'kukamukweza sitima kuti abwerere kwawo. Ku Makokoba, kumene mabanja ankaloledwa, kunali kodzaza, chipinda chimodzi mabanja atatu atatchinga ndi masaka. Choncho a Phiri anandibisa. Ndinakhala m'kaya muja mlungu wathunthu ngati nkhuku yofungatira, kutuluka pokhapokha azungu akachoka. Buledi ndinamulawira m'menemo, ndipo ndinati anthu a kuno akudya thonje. Madzi otuluka pampopi ndinkawatsegula n'kutseka, kutsegula n'kutseka, kudabwa kuti mtsinje wake uli kuti.

Chimene chinandiulula ndi nsalu yanga. Ndinaichapa n'kuiyanika pampanda, n'kuiwala. Mkazi wa mzungu uja, amene ife a ku Nyasalande tinkati Dona pamene a kuno ankati Misisi, anaiona ali pawindo. Anali wamtali, wowonda, wopanda mwana, ndudu siinkachoka pakamwa pake. Sanali wankhanza kwenikweni, komanso sindinganene kuti anali wachifundo. Anaitana a Phiri pakhonde la kukhitchini, ine nditagwada chapatali, nditazyolika. Anayankhula nthawi yaitali m'Chilapalapa, chinenero chosakaniza chija cha pantchito, ine osatolapo kanthu. Ndinangoona a Phiri akupotokola chipewa m'manja, kenako anayamba kuloza ine, akuyankhula mofulumira.

Atamaliza ntchito ndi pamene anandifotokozera. Bwana anali kupita kukayendera njanji cha ku Wankie kwa milungu isanu. Dona anali atalirira nthawi yaitali galu wa m'nyumba, bwana akukana, chifukwa m'chipinda chochezera munali kapeti ya amayi ake yochokera ku Mangalande, imene ankaisamala kuposa mkazi wakeyo. Pamapeto anavomera kuti kagalu kabwere iye atachoka, koma pobwera adzakapeze kataphunzira. Kakadzangoipitsa m'nyumba kamodzi, kachoke. Tsono Dona analibe mtima wopukuta mikodzo. Ndiye a Phiri, ndi pakamwa pawo potsekemera paja, anamuuza kuti mkazi wanga ndi katswiri wa agalu, kwawo ndiye ntchito yake.

"Mwanena kuti chiyani?" ndinawafunsa.

"Ndati mumadziwa agalu, Nabanda. Nanga ndikanati chiyani?"

"Agalu ake ati? Ine galu ndimadziwa kumugenda."

Sindinaname. Kwathu galu anali wa uzimba, ankadya zimene watola, ndipo akalowetsa mutu m'nyumba ankalandira chikuni. Zoti galu n'kukhala ndi pogona pake ndi munthu womulera, ndikanawauza amayi akanati dzuwa la m'njira landizunguza mutu.

"Mawu a Dona ndi awa," anatero a Phiri, n'kuwabwereza momwe anawamvera. "Lo inja yena mushe, lo mfazi yena hlala. Lo inja ikona mushe, lo mfazi hamba. Galu akaphunzira, akulembani ntchito, mulandira chitupa, mukhala. Akapanda kuphunzira, galu apita, inunso mupita."

Ana inu, ndinapsa mtima. Kuoloka Zambezi kutsata mwamuna wanga, ndiye ukwati wanga n'kukakhala m'mimba mwa kamwana ka galu! Ndinalira ndi ukali. Koma polira pomwepo ndinadziuza kuti kumudzi sindibwerera ndekha, akazi a pachitsime akandiseke kuti Halale wamulavula.

Kagaluko kanali kakuyamwabe ku Gwelo, choncho tinali ndi mlungu wokonzekera. Katundu wanu mukunyadirayu ndi wochepa. Dona anapita m'tauni n'kubwera ndi basiketi yoluka bwino, yotsika mbali imodzi kuti mwiniwake asavutike polowa. M'menemo anayalamo bulangete la usilikali la bwana, lokhuthala, laubweya weniweni, pamene ine ndi a Phiri tinkafunda limodzi lopyapyala n'kuonjezera masaka. Ndinalisisita bulangete lija mtima ukundiwawa. Panali mbale ziwiri zachitsulo zoyera, ina ya madzi, ina ya phala lamkaka, ndipo Dona anandilozera ndi chala kuti munthu asadyeremo, ngati kuti ife ndi amene tikanaipitsa mbale ya galu. Panali bulashi, sopo wonunkha wophera nkhupakupa, ndi botolo lalabala lothiramo madzi otentha kuti kagalu kaziyesa kagona ndi amake. Nyuzipepala zakale ndiye zinali mulu wofika m'bondo. Nyama inkabwera panjinga kuchokera kubutchala m'mapaketi atatu, ya azungu, ya galu ndi ya antchito. Agogo anu akatsegula awiri omalizawo ankayamba aima kaye n'kuganiza, ndipo sindikuuzani kuti anasinthanitsa kangati.

Chomaliza chinali pepala, longa lanulo. Dona analemba ndi dzanja lake n'kulikhoma ndi msomali pachitseko. A Phiri, amene anafika sitandade yachiwiri kumishoni, anandiwerengera. Kagalu kazigona m'kachipinda kotsukira mbale. Pansi ponse ndiyale nyuzipepala, ndipo tsiku lililonse ndizizichepetsa n'kumazisendeza kufupi ndi chitseko, mpaka zidzatulukire panja pakapinga. Ndizikatulutsa sikisi koloko, naini koloko, thwelofu, ndi nthawi zina zimene ndaiwala. Kakalakwitsa ndikakhudzitse mphuno pamene kaipitsapo, n'kukamenya ndi nyuzipepala yopinda.

Vuto linali lakuti wotchi sindinkaidziwa, ndinkangoona timivi tikuzungulira. A Phiri anati ndizimvera huta ya ku njanji, imene inkalira m'mawa, masana ndi poweruka, tauni yonse n'kumva. Inu huta simukuidziwa. Kale Bulawayo ankadzuka nayo n'kuweruka nayo, ndipo mafakitale a ku Belmont atachuluka iliyonse inali ndi mawu ake, moti mkazi ankadziwa kuti imeneyo ndi ya mwamuna wanga, nditereke madzi. Lero mukadutsa kumeneko kuli zii, udzu pazipata. Basi, ndinavomera za huta. Koma palibe amene anakauza kagaluko.

Kanabwera pasitima m'bokosi lamatabwa, kofiirira, makutu aatali ogwa ngati masamba a fodya, kakunjenjemera. Dona anakatcha Meja. Unali mwezi wa Juni, ndipo chisanu cha Bulawayo mukuchidziwa, m'mawa kapinga ankachita kuyera mbee, ukamuponda n'kumalira. Huta ikalira ndinkathamanga naye Meja pakapinga paja. Iye ankangoima, kukweza mwendo uwu, kukweza uwo, kundiyang'ana ndi maso achisoni, osachita kanthu. Ndikangomubwezera m'nyumba mofunda, pompo wakodza, ndipo osati panyuzipepala, koma pambali pake. Nyuzipepalazo ankazing'amba n'kumasewera nazo. Dona anali ndi pensulo yofiira, ndipo Meja akalakwitsa ankalemba kamtanda papepala lija. Mlungu usanathe pepala linkaoneka ngati manda a kumishoni.

Mlungu womwewo apolisi anabwera m'mawa mumsewu wathu. Ine sanandikhudze, poti Dona anatuluka n'kunena kuti ameneyu ali pa mayeso. Koma nyumba yachitatu anatulutsamo mkazi wina wa ku Zomba, mwana kumsana, mwamuna wake ataima pageti atavala epuloni. Ndinamuonera pampanda mpaka anakhota. Tsiku limenelo chakudya chinandikanika.

Kumenya ndinamenya kamodzi kokha. Ndinamugwira Meja pakhosi, ndinamukhudzitsa mphuno monga analamulira, n'kumukwapula ndi nyuzipepala. Analira ngati khanda, anakodzanso pomwepo ndi mantha, n'kukabisala kuseri kwa ndowa. Ndinakhala pansi pasimenti pozizira paja, manyazi atandigwira. Ameneyu anali mwana wochotsedwa kubere dzana, wabwera pasitima kudziko losalidziwa, akumuyankhula chinenero choti sakumva. Ine ndinkasiyana naye pati? Nanga khanda ndani analimenyapo chifukwa chobiba?

Apa ndiye nzeru inandibwerera. Kwathu ndinali woyamba kubadwa mwa ana asanu ndi awiri, ndipo onse obwera pambuyo panga anakulira pamsana pangapa. Matewera ogula awa kunalibe. Mwana ukamuika kumsana, msana wako ndi umene umakuuza. Akafuna kukodza amayamba kutakataka, kenako amauma thupi pang'ono, n'kukhala chete. Pomwepo umamutsitsa msanga, umakhala pansi n'kutambasula miyendo, n'kumukhazika pakati pa mapazi ako, ukuti "sss, sss." Ukatero masiku angapo, mwana amadziwa kuti akamva mawu amenewo nthawi yakwana. Inu anakulerani ndi mapulasitiki mpaka mukuyankhula, iwe Limbani unkachita kupempha wekha kuti akusinthe, koma ife mwana asanayambe kukwawa anali atadziwa kale.

Choncho Dona atangokwera galimoto kupita kwa anzake, ndinatenga nsalu yanga, ndinamuika Meja kumsana, n'kumanga. Poyamba anaphiriphitha, zikhadabo n'kundikanda, koma atamva kufunda anagona tulo, mutu uli paphewa langa. Ndinasesa naye, ndinatsuka naye mbale. Patapita nthawi ndinamva kutakataka kuja, kenako kuuma thupi, chimodzimodzi mwana wa munthu. Ndinathamanga.

Pakapinga sindinapite. Kuseri kwa kaya kunali dzala, pamene a Phiri ankataya phulusa la m'sitovu m'mawa uliwonse likadali lofunda. Kwathu zoipa za mwana timakwirira ndi phulusa kuti ntchentche zisabwere, ndiye miyendo inangonditengera kumeneko yokha. Ndinamutsitsa paphulusa lofunda lija n'kuti "sss, sss." Meja ananunkhiza, anazungulira kawiri, n'kunjuta n'kumaliza zonse. Ndinaimba nthungululu chapansipansi, ndili ndekha kudzala.

Kuseri kwa mpanda kunali mayi wina wa Chindebele, MaNdlovu, wochapa zovala panyumba yoyandikana nafe. Tsiku lachiwiri anandiona ndikuyanika matawulo, mutu wa galu ukusuzumira paphewa langa. Anagwetsa beseni.

"Maye! AmaNyasa!" anakuwa atagwira m'chiuno. "Ubelethe inja, mntanami?"

Ankadabwa kuti ndaika galu kumsana. Chindebele ndinali ndisanachidziwe, koma kusekako ndinakumva. Anaseka mpaka anakhala pansi. Pofika Lamlungu nkhani inali itafika ku Makokoba, kumene amuna a kwathu ankakumana kovina. A Phiri anabwerako nkhope itakwinyika.

"Nabanda, mwandichititsa manyazi. Anthu akundifunsa kuti mwana wanu wamakutu uja wadzuka bwanji."

"Munanena ndinu kuti ndine katswiri," ndinayankha. "Sankhani, manyazi kapena kundiperekeza kusiteshoni."

Mawa lake anataya phulusa molawirira kuposa kale, n'kulisalaza bwino ndi fosholo.

Timitanda tofiira tinayamba kuchepa, kenako tinaleka. Dona ankayenda monyada, akuuza anzake kuti pepala lake lagwira ntchito. Ine nyuzipepala ndinkaziyalabe n'kumazisendeza kuchitseko tsiku ndi tsiku monga analembera, kuti asafunse zambiri, ndipo akakhala pakhomo Meja ndinkamunyamula m'manja. Pofika mlungu wachitatu sankafunanso kumsana. Ankathamanga yekha kudzala, ndipo akamazengereza ndinkangoti "sss," iye liwiro. Ndinayamba kudya bwino. Chimene sindinachiganizire n'chakuti m'nyumba ya mzungu, kupitirira khitchini, ndinali ndisanalowemo, ndipo sindinkadziwa zimene zili m'menemo.

Bwana anabwera Loweruka. Lamlungu m'mawa atamwa tiyi, anati galu uja abwere m'chipinda chochezera, akhale nawo mpaka nkhomaliro, aone yekha. Dona anandiitana kuti ndiime pakhomo la chipindacho, ndisalowe, ndisayankhule. Kunja kunali mphepo yozizira, zitseko zonse zinali zotseka. Ndinaima pamenepo wopanda nsapato, ndikuona kapeti ija koyamba. Inali yofiira, yamaluwamaluwa, yaikulu kuposa kaya yathu yonse. Bwana anali munthu wonenepa, wa ndevu zapamlomo, atakhala pampando ndi kaliwo wake akuwerenga nyuzipepala. Dona ankaluka juzi.

Meja anasewera, anakoka chingwe cha nsapato ya bwana, anagona pang'ono. Atadzuka anayamba kununkhiza pansi. Anapita uku, anabwerera, n'kuyamba kuzungulira pakati penipeni pa kapeti. Ine chizindikiro chimenecho ndinkachidziwa ngati dzina langa. Azungu aja sanaone kanthu. Kulowa anandiletsa, kuyankhula anandiletsa, ndipo chitseko cha panja chinali kutali, chotseka. Thukuta linatsika m'khwapa kuli chisanu chonsecho. M'maso mwanga ndinaona siteshoni, ndinaona pantoni ya pa Tete. Sindinaganize n'komwe, pakamwa panachita pokha.

"Sss!"

Meja anaimika mutu. Ndinkayembekeza kuti athamangira kwa ine, ndimunyamule ndithawire naye panja. Koma iye anakweza mphuno n'kutembenukira kukhoma. Kumeneko kunali chinthu chimene sindinkachidziwa, malo osonkhapo moto m'nyumba momwemo, pansi pa chumuni. Moto wa dzulo lake unali utazima, ndipo a Phiri, potanganidwa ndi chakudya cha bwana, anali asanaole phulusa. Meja analumphira momwemo. Anazungulira kawiri paphulusa lofunda, ananjuta bwinobwino akutiyang'ana tonse, n'kuchita zonse ziwiri. Atatha anapalasa ndi miyendo yakumbuyo, n'kutuluka ali mbuu, mchira ukugwedezeka, kudikira kuti wina amuyamikire.

Dona nkhope inafiira mpaka m'khosi. Ine ndinagwada pomwe ndinaimapo, mumtima ndikuti basi, zatha. Bwana anachotsa kaliwo pakamwa, anaimirira pang'onopang'ono, anapita pakati pa kapeti n'kuwerama, n'kupapasa ndi dzanja. Panali pouma. Anasuzumira pamalo a moto paja nthawi yaitali. Kenako anaitana khukhi wake, "Kuki!"

A Phiri anabwera akupukuta manja. Bwana anafunsa kuti galu ameneyu wamuphunzitsa zimenezi ndani. Ndinawaona agogo anu akufunafuna bodza, koma tsiku limenelo bodza linawathawa. Anafotokoza zonse, za dzala, za phulusa, za nsalu. Bwana sanakhulupirire. Anati ndimuonetse.

Ndinamasula nsalu yanga yapamwamba. Ndinawerama, Meja anabwera yekha, ndinamuponya kumsana n'kumanga pachifuwa. Anali atayamba kulemera, miyendo ili lendelende m'mbali. Anaika mutu wake waphulusa paphewa langa n'kuyasamula.

Bwana anaseka. Anaseka mpaka kutsokomola, misozi ikutuluka, akumenya mpando ndi dzanja. Ndinadana nako kuseka kumeneko, ana inu, sindikubisirani. Ndinali mkazi wa munthu, mwana wa anthu, nditaima pakhomo ndi galu kumsana, mzungu akundiseka ngati choseweretsa. Koma m'kati mwa manyazi omwewo mantha anayamba kundichoka, chifukwa sindinaone kuti munthu woseka chotero angandithamangitse tsiku lomwelo.

Dona sanaseke. Anapita kukhitchini, ndipo ndinamva akuzula pepala lake lija pachitseko. Atabwerako anayankhula ndi a Phiri mawu ochepa, osandiyang'ana, n'kukalowa kuchipinda. A Phiri ananditulutsira panja, ndipo tili pakhonde ndinawagwira malaya.

"Wati chiyani? Ndiuzeni msanga."

"Wati galuyu mwamuphunzitsa zolakwika, ndiye mumuphunzitsenso kuti pachumuni si pachimbudzi. Wati wina sangathe, poti amamvera inu nokha."

"Ndiye kuti chiyani, bambo?"

"Ndiye kuti mawa tikukalembetsa chitupa. Mukhala mpaka galuyu atakula."

Mawu amenewo, mpaka atakula, a Phiri anawasunga bwino. Za pachumuni zinatha m'milungu iwiri, tinkangoola phulusa m'mamawa n'kutchingapo ndi lata. Meja anakula, ananenepa, anachita imvi kukamwa, mano anayamba kugweruka. Pakapita chaka Dona ankafunsa ngati galu uja sanakulebe. Agogo anu ankapukusa mutu mwachisoni n'kuti, "Ikona, Misisi, yena pikinini," kunena kuti akadali mwana. Ndikuganiza kuti Dona ankadziwa, chifukwa ankangouzira utsi wa ndudu m'mwamba n'kuchokapo. Ana anga awiri oyamba anabadwa tili pomwepo tisanapeze nyumba ku Nguboyenja, ndipo mzamba wanga anali MaNdlovu yemwe uja, akundisekabe.

Koma ndibwerere ku Lamlungu lija. Nditamusambitsa Meja ndinapita kukaya, ndinatseka chitseko, n'kukhala pansi. Ndinalira kuposa mmene ndinalirira ponyamuka kwathu. Sikunali kulira kwa chisoni. Chichokereni ku Dedza, tsiku limenelo ndi limene mtima wanga unakhala pansi. Azungu atatha nkhomaliro a Phiri anabwera ndi tiyi m'chitini, wa shuga wambiri, n'kundipatsa ndi manja awiri ngati ndine mlendo. Anakhala pambali panga. Kenako anayang'ana pakona, pamene panali kamtolo kanga. Chifikireni ndinali ndisanakamasule konse, ndinkangosolola chimene ndikufuna n'kumanganso mfundo, kuti tsiku lothamangitsidwa ndisadzachedwetse apolisi.

"Nabanda," anatero, "masulani katunduyo."

Mfundo inali italimba, ndinachita kumasula ndi mano. Ndinatulutsa mthiko ndi chipande zimene amayi anandipatsa, n'kuzisomeka kudenga. Pansi penipeni panali kasanza komanga, m'kati mwake muli nthanga za maungu za m'munda mwawo. Mvula inali kutali, miyezi inayi. Ndinazipachika pamsomali kuti zidikire, ndipo itagwa ndinazidzala m'mbali mwa mpanda, n'kudya nkhwani wake ndili pakhomo pa mwamuna wanga.